Kuteteza Ana ku Mowa ndi Mankhwala Osokoneza Bongo Kudzera M'banja mu Mzinda wa Lusaka

Ndondomeko yoteteza ana ku mowa ndi mankhwala osokoneza bongo kudzera m'banja ndi maphunziro amene makolo kapena olera ana amachita limodzi ndi ana awo, kawirikawiri kamodzi pa sabata kwa milungu ingapo, motsogozedwa ndi anthu ophunzitsidwa a m'dera lomwelo. Cholinga chake ndi kuchedwetsa, kapena kulepheretseratu, tsiku limene mwana adzalawe koyamba mowa, fodya, chamba kapena mapiritsi. Imasiyana ndi chithandizo cha kuchipatala, chimene chimafikira munthu wokodwa kale, ndiponso ndi ntchito ya apolisi, imene imalimbana ndi ogulitsa. M'maphunziro otere za mankhwala enieniwo zimakambidwa pang'ono chabe. Nthawi yambiri imathera pa zinthu za tsiku ndi tsiku za pakhomo: mmene kholo limalankhulira ndi mwana, nthawi yofikira panyumba, chilango, ndalama, ndi kuwadziwa anzake a mwanayo.

Mmene zinthu zilili mu mzindawu

Lusaka inali ndi anthu oposa 2.2 miliyoni pa kalembera wa mu 2022, ndipo gawo lalikulu la anthuwa ndi ana ndi achinyamata. Chimene ambiri amayamba nacho ndi mowa, chifukwa ndi wotchipa, umapezeka paliponse, ndipo akuluakulu amamwa poyera. Pali chibuku cha m'mapaketi, kachasu wotchezedwa m'makomboni, mowa wa m'mabotolo ndi mowa waukali wotsika mtengo. Mu Epulo 2012 boma, kudzera mwa nduna ya maboma aang'ono ya nthawiyo Nkandu Luo, linaletsa tujilijili, timasacheti ta mowa waukali timene mwana wa sukulu ankatha kugula ndi ndalama ya pa buleki n'kubisa m'thumba la yunifolomu. Timasachetito tinachepa, koma mowa wamtundu womwewo unabweranso m'timabotolo ta pulasitiki.

Pambuyo pa mowa pali chamba, chimene achinyamata a m'tauni amati dobo. Komboni ya Chibolya, imene ili pafupi kwambiri ndi pakati pa mzinda, yatchuka kwa zaka zambiri ndi malonda amenewa, ndipo apolisi akhala akuchitako zipikisheni mobwerezabwereza. M'zaka zaposachedwa kwawonjezekera heroin wosakaniza wotchedwa volo, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam, amene malamulo amati azigulitsidwa ndi kalata ya dokotala koma amatulukira kukhomo lakumbuyo. Ana ogona m'misewu cha ku Cairo Road ndi ku City Market amanunkhiza guluu kuti asamve njala ndi chisanu cha mu Juni. Kumadera a anthu opeza bwino kuli shisha, mowa wodula, ndi mapwando a m'nyumba zamipanda makolo akachokapo. Magulu a anyamata amene anthu amawatcha majanki, olanda mafoni ndi zikwama m'misewu, ndiwo amaonekera kwambiri ndi kukambidwa pa wailesi, koma ndi ochepa powayerekeza ndi ana amene amamwa mwakachetechete uku akugona panyumba ndi kupita kusukulu tsiku lililonse.

Kafukufuku wa zaumoyo wa ana a sukulu amene anachitika m'Zambia mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la WHO anapeza kuti ana oposa 40 pa 100 alionse a zaka 13 mpaka 15 anali atamwa mowa m'mwezi womwe unali utangopita. Ofufuza amene anadzasanthula mayankho omwewo anaonanso kuti ana amene anapatsidwapo mowa waulere ndi otsatsa malonda ankaledzera kuposa anzawo, pamene ana amene anaphunzitsidwa m'kalasi za kuopsa kwa mowa sankasiyana ndi amene sanaphunzitsidwe.

Malamulo alipo. Lamulo la ziphaso za mowa la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mu 2018 boma linakhazikitsa mfundo za dziko zokhudza mowa. Bungwe la Drug Enforcement Commission, lodziwika kuti DEC, linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo pano limagwira ntchito potsatira lamulo la 2021, limene kuwonjezera pa zilango limanenanso za kupewa ndi za chithandizo cha anthu okodwa. DEC ili ndi nthambi yophunzitsa anthu ndi kupereka uphungu, imene imayendera masukulu, matchalitchi ndi malo antchito. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Chainama, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chimene chinatsegulidwa mu 1962 m'mbali mwa Great East Road. Zonsezi n'zofunika, komabe zimamupeza mwana ali kunja kwa nyumba, ndipo zambiri zimamupeza mochedwa. Ndawala za pa 26 Juni, tsiku lolimbana ndi mankhwalawa padziko lonse, zimatha madzulo omwewo, ana n'kubwerera kumakomo amene sanasinthe kanthu.

Chifukwa chake ntchitoyi imayambira pakhomo

Msinkhu umene munthu wayambira kumwa umanena zambiri za tsogolo lake. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndipo mbali yake yothandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa ndiyo imakhwima pomalizira. Kafukufuku wamkulu wa ku America wofalitsidwa mu 1997 anapeza kuti mwa anthu amene anayamba kumwa ali ndi zaka 14 kapena kucheperapo, pafupifupi 40 pa 100 anadzakhala akapolo a mowa nthawi ina pa moyo wawo, pamene mwa oyamba ali ndi zaka 20 kapena kuposerapo anali pafupifupi 10 okha. Ndiye kuti kuchedwetsa chiyambicho ndi zaka ziwiri kapena zitatu ndi phindu ndithu, ngakhale mwanayo atadzamwa atakula. N'chifukwa chake ndondomeko zambiri zimafuna ana a zaka 8 mpaka 15, makamaka amene akuchoka ku pulayimale kulowa sekondale, nthawi imene mwana amasintha anzake, amayamba kukwera minibasi yekha ndi kugwira ndalama.

Zapakhomo zimene zimakankhira mwana ku mowa n'zodziwika: ndewu za makolo, kholo lachidakwa, kumenya kosalekeza, ndi malamulo amene lero alipo mawa palibe. Kutuma mwana kukagula mowa ku shabini kuli m'gulu lomweli, pamodzi ndi kumulawitsa pa phwando poganiza kuti ndi bwino aphunzire kumwa pamaso pa makolo. Ofufuza a ku Australia amene anatsatira achinyamata pafupifupi 1,900 kwa zaka zisanu ndi chimodzi analengeza mu 2018 kuti mowa wopatsidwa ndi makolo sunateteze ana, ndipo ana otero ankadzaupezanso kwina. Chimene chimateteza ndi kholo lokonda mwana moonekera, lokhala ndi malamulo ochepa omveka bwino amene limawasunga, ndi lodziwa kumene mwana ali ndi amene ali naye. Pa mfundo yomalizayi pali chinthu chimene makolo ambiri sachiyembekezera. Håkan Stattin ndi Margaret Kerr, amene anafufuza mabanja a ku Sweden, anaonetsa mu 2000 kuti makolo odziwa zambiri za ana awo amazidziwa makamaka chifukwa anawo amawauza okha. Kufufuza m'chikwama ndi m'foni kumaulula zochepa, ndipo mwana amene amakalipiridwa nthawi iliyonse akaulula kanthu amaphunzira kubisa.

Njira yoopseza ana, imene ndiyo yoyamba kubwera m'maganizo a akuluakulu, inayesedwa mokwanira ndipo inalephera. Ndondomeko ya DARE, imene inayamba ku Los Angeles mu 1983 yotumiza apolisi m'makalasi, inafalikira m'masukulu ambiri a ku America, koma kafukufuku wobwerezabwereza anapeza kuti siinasinthe kwenikweni khalidwe la ana. Muyezo wa dziko lonse wa kapewedwe ka mankhwalawa, umene bungwe la United Nations loona za mankhwalawa, la UNODC, linatulutsa mu 2013 n'kuukonzanso pamodzi ndi WHO mu 2018, umaika kuopseza ndi kungopereka uthenga m'gulu la njira zosathandiza, pamene kuphunzitsa makolo luso la kaleredwe kuli m'gulu la njira zokhala ndi umboni.

Kumene ndondomekozi zinachokera ndi zimene zimachitika pa msonkhano

Yodziwika kwambiri ndi Strengthening Families Program, imene Karol Kumpfer wa pa yunivesite ya Utah anakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pofuna kuthandiza ana a makolo ogwiritsa ntchito mankhwala. Inali ya misonkhano 14. Kenaka akatswiri a pa yunivesite ya Iowa State anakonza ina yaifupi, ya misonkhano 7, ya mabanja onse okhala ndi ana a zaka 10 mpaka 14. UNODC inadzakonza yaifupi koposa, yotchedwa Strong Families, ya milungu itatu yokha, ya ana a zaka 8 mpaka 15 m'madera osauka ndi ovutika, ndipo inayesedwa koyamba ku Afghanistan.

Kayendetsedwe kake n'kofanana. Msonkhano umatenga pafupifupi maola awiri. Ola loyamba makolo amakhala m'chipinda chawo, ana m'chipinda chawo. Ola lachiwiri amakumana n'kuyeserera limodzi zimene aphunzira. Makolo amaphunzira kuyamikira mwana akachita bwino, kupatula mphindi zochepa zocheza naye popanda kumutuma kapena kumudzudzula, kupereka lamulo lomveka, kudikira mkwiyo uphwe asanalange, ndi kunena mosabisa chimene banja lawo limakhulupirira pa nkhani ya mowa. Ana amaphunzira kuthana ndi nkhawa, kukana anzawo popanda kutaya ubwenzi, ndi kumvetsa mtolo umene makolo asenza. Mphunzitsi salalikira. Amachititsa sewero lalifupi, mwachitsanzo la mwana wofika mochedwa. Poyamba mayi amachita mmene amachitira kunyumba: “Chitsiru iwe, unali kuti? Ufanana ndi atate ako!” Kenaka amayesa njira ina: “Mwanangu, tinagwirizana kuti 6 koloko uzikhala uli pano. Wafika 8 koloko, ndipo ine ndinali ndi nkhawa. Mawa sutuluka. Tsopano tandiuza, kunachitika chiyani?” Banja lililonse limapatsidwa ntchito yokachita kunyumba sabata imeneyo, ndipo msonkhano wotsatira umayamba ndi kufotokozerana mmene zinayendera.

Dzina lotchuka la ndondomeko silitsimikizira kuti igwira ntchito kulikonse. Ya ku Iowa ija inaonetsa zotsatira zabwino kumidzi ya ku America, koma itayesedwa ku Sweden, Poland ndi Wales kusiyana kwenikweni sikunapezeke pa kamwedwe ka ana. Umboni wapafupi ndi Zambia unachokera ku Eastern Cape, South Africa, kumene ndondomeko ya Sinovuyo Teen inayesedwa pa mabanja 552 m'midzi ndi m'makomboni 40, motsogozedwa ndi Lucie Cluver wa ku Oxford. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2018, zinaonetsa kuti nkhanza kwa ana zinachepa, ndipo kugwiritsa ntchito mowa ndi mankhwala kunatsika mwa olera ndi mwa achinyamata omwe. Ndondomekoyi inali ndi maphunziro a kasungidwe ka ndalama, ndipo banja likajomba aphunzitsi ankalitsatira kunyumba. M'Zambia momwemo, ndondomeko ya Families Matter ya makolo a ana a zaka 9 mpaka 12, imene inabwera kudzera mu PEPFAR, thandizo la America lolimbana ndi Edzi, inkaphunzitsa kukambirana za kugonana ndi HIV, ndipo inasiya anthu odziwa kutsogolera magulu a makolo.

Zimene Lusaka inayesa yokha

Kuyambira mu 2016, ofufuza a yunivesite ya Johns Hopkins pamodzi ndi bungwe la Serenity Harm Reduction Programme Zambia, lodziwika kuti SHARPZ, anachita kafukufuku wotchedwa VATU m'makomboni atatu a Lusaka. Analemba mabanja 248 mmene mayi ananena kuti amachitidwa nkhanza ndipo bambo amamwa mowa mopyola muyezo. Theka la mabanjawa linalandira uphungu wa njira yotchedwa CETA, theka linalo linkangoyenderedwa poonetsetsa kuti palibe amene moyo wake uli pachiswe. Opereka uphunguwo sanali madokotala. Anali anthu wamba a m'madera omwewo amene anaphunzitsidwa kwa masiku ochepa kenaka n'kumayang'aniridwa sabata iliyonse. Abambo ankakumana ndi alangizi aamuna, amayi ndi alangizi aakazi.

Patatha chaka, nkhanza ndi uchidakwa zinali zitatsika kwambiri m'mabanja olandira uphungu kuposa m'mabanja enawo, moti komiti yoyang'anira chitetezo cha otenga mbali inalamula kuti kuyerekezako kuthe ndipo mabanja otsalawo alandirenso uphungu. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2020, ndipo poyang'ananso patatha zaka ziwiri kusinthako kunali kudakalipo.

VATU inali chithandizo cha akuluakulu amene ali kale m'mavuto, ndipo chimene inayeza ndi mowa wa abambo ndi nkhanza kwa amayi. Komabe ikukhudza nkhani yoteteza ana, popeza bambo woledzera ndi ndewu za usiku ndi zina mwa zinthu zikuluzikulu zimene zimathamangitsira mwana kumsewu. Inaonetsanso zinthu ziwiri zofunika kwa aliyense wofuna kuyambitsa ndondomeko mu mzindawu. Choyamba, anthu wamba angathe kugwira ntchitoyi bwino ngati ali ndi wowayang'anira, ndipo abambo a mu Lusaka, amene anthu amati sabwera ku zinthu zotere, anabwera. Chachiwiri, uphunguwo unakonzedwa kuti uzichitika m'magulu, koma anthu ankachedwa ndi kujomba mpaka ofufuzawo anasintha n'kuyamba kukumana ndi munthu payekhapayekha pa nthawi imene iye angathe. Izi sizodabwitsa mu mzinda umene ambiri amadya za tsiku lomwelo. Munthu wodalira ganyu sangakane ntchito chifukwa Lachitatu kuli msonkhano.

Makomo ndi madera a Lusaka

Mabuku ambiri a ndondomekozi analembedwa poganizira nyumba ya bambo, mayi ndi ana awo. Mu Lusaka mwana angakhale akuleredwa ndi agogo, azakhali, mkulu wake kapena mayi womupeza, makamaka chifukwa cha imfa zimene Edzi inadzetsa ndiponso mwambo wotumiza ana kwa achibale a m'tauni kuti akaphunzire. Woyenera kuitanidwa ndi munthu amene amakhala ndi mwanayo madzulo. Mwana wa achibale wochokera kumudzi, amene amatumidwa kwambiri ndi kufunsidwa zochepa, nthawi zambiri ndiye ali pachiopsezo chachikulu, komanso ndiye amasiyidwa kunyumba ena akamapita ku maphunziro. Palinso nkhani ya mwambo. Kwa Achewa ndi mitundu ina yotsata kuchikazi, nkhani zolemera za mwana zinali m'manja mwa atsibweni, ndipo zamanyazi zinkakambidwa ndi agogo. M'tauni atsibweni ali ku Katete kapena ku Chipata, ndipo bambo watsala ndi udindo umene sanauonepo atate ake akuuchita.

Madera a mzindawu ndi osiyana kwambiri moti njira imodzi singakwanire onse. Kabwata ndi dera lakale, lomangidwira antchito achikuda m'nthawi ya atsamunda, ndipo tinyumba tozungulira ta ku Kabwata Cultural Village ndi totsala ta nthawi imeneyo. Nyumba ndi mafulati n'zoyandikana, anthu amadziwana, matchalitchi ndi ambiri, ndipo mabala ali pafupi ndi makomo. Kusonkhanitsa anthu n'kosavuta, koma kusunga chinsinsi n'kovuta, pakuti amene wamva za mwana wa mnzake m'gulu adzakumana nayenso pa msika mawa lake. Ku Chelstone, kum'mawa m'mbali mwa Great East Road, vuto lalikulu ndi nthawi. Makolo ogwira ntchito m'tauni amanyamuka m'mamawa n'kubwera kutada, ndipo ana oweruka masana amakhala maola ambiri opanda wamkulu. Kumeneko misonkhano ya pakati pa sabata singatheke, ndipo mutu wofunika kwambiri ndi wa amene amayang'anira mwana kuyambira masana mpaka madzulo.

Ku Woodlands ndi ku Kabulonga kuli mipanda italiitali, alonda ndi antchito a m'nyumba. Ana ali ndi ndalama za m'thumba, mafoni, nthawi zina ndi galimoto, ndipo makolo amayenda maulendo a ntchito. Vuto likabuka limabisidwa chifukwa cha ulemu wa banja, mwana n'kusamutsidwira ku sukulu yogonera komweko kapena ku malo a chithandizo olipira. Makolo a kumeneku sapita ku holo ya khonsolo, koma amapita ku misonkhano ya sukulu ya mwana wawo, ndipo khomo lolowera ndi limenelo. Wantchito wa m'nyumba, amene mwina amachokera ku Bauleni, Mtendere kapena Kalingalinga, ndiye amaona mabotolo m'chipinda cha mwana, koma amaopa kunena kuti angachotsedwe ntchito. Ana ake omwe amawasiya okha tsiku lonse. Masukulu a boma monga Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls amalandira ana ochokera m'makomboni ozungulira, choncho gulu la makolo a pasukulu imodzi lingakhale ndi anthu opeza mosiyana kwambiri.

Pakati pa mzinda mabanja okhalapo ndi ochepa, koma makolo zikwizikwi amatha tsiku lonse ku Soweto ndi ku City Market. Kwa iwo maphunziro ayenera kuwatsatira ku msika, mogwirizana ndi makomiti a misika ndi magulu a chilimba. Ana ogona m'misewu amafunika ntchito ina, yofufuza achibale ndi kukonzekeretsa khomo asanabwerere, monga imene malo a Fountain of Hope ku Kamwala akhala akugwira kuyambira m'zaka za m'ma 1990.

Kuyambitsa ndi kuyendetsa ntchitoyi

Choyamba ndi kupeza mwini ntchito wa m'deralo amene adzakhalepo othandiza akadzapita: mpingo, sukulu, kiliniki kapena bungwe lokhazikika. Magulu oti agwirizane nawo alipo kale, monga makomiti a zaumoyo a m'madera, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, miphakati ya Akatolika, amayi a chigwirizano ndi a Dorika, makomiti a chitukuko a m'mawadi, ndi alangizi amene mabanja amawadalira pa nkhani za ukwati. Aphunzitsi a gulu asankhidwe chifukwa chodziwa kumvetsera ndi kusunga chinsinsi. Mkulu wa mpingo amene amakhala pa bwalo loweruza milandu ya Akhristu, ngakhale akhale wabwino bwanji, sangayembekezere kuti mayi aulule pamaso pake kuti amatcheza kachasu. Pafunikanso aphunzitsi aamuna, chifukwa abambo amabwera akaitanidwa ndi abambo anzawo.

Kaitanidwe kamapha kapena kuchiritsa ndondomeko. Ikalengezedwa kuti ndi ya mabanja a ana osokonekera, kapena kalata yoitana ikabwera mwana atangogwidwa ndi chamba kusukulu, anthu amaiona ngati chilango ndipo amathawa. Ikakhala ya banja lililonse lokhala ndi mwana wa giredi inayake, palibe amene amalozedwa chala. Tsiku lisankhidwe ndi mabanja eni ake, pokumbukira kuti Loweruka kuli a Sabata, maukwati, makitcheni pate ndi mpira, ndipo maliro sapangana ndi munthu. Nyengo ya mvula ili ndi zake: mu Januwale 2024 kolera anachedwetsa kutsegulira masukulu ndipo misonkhano inachepetsedwa. Chakudya, ndalama ya minibasi ndi munthu wosamalira makanda sizinthu zapamwamba; ndi zimene zimachititsa kuti banja libwerenso sabata yachitatu.

Zitsanzo, masewero ndi chilankhulo ziyenera kusinthidwa kuti zikhale za kuno, m'Chinyanja cha m'tauni chosakanikira ndi Chibemba ndi Chingerezi chimene ana amalankhula. Chosayenera kusinthidwa ndi kuyeserera, ntchito ya kunyumba ndi ola lokumana makolo ndi ana. Ndalama zikachepa, chiyeso chimakhala chopanikiza misonkhano yonse mu tsiku limodzi la wekishopu, ndipo zikatero chimene chimatsala ndi ulaliki womwe uja umene umboni unaukana.

Mutu umene umautsa mkangano ndi wa chikwapu. Lamulo la ana la 2022 limaletsa kulanga mwana pomumenya, koma makolo ambiri anakula ndi mkwapulo ndipo amaona kuti mwambo ndi chipembedzo zili kumbali yawo. Mphunzitsi woyamba ndi kuwerenga lamulo amataya gulu lake tsiku lomwelo. Chothandiza ndi kufunsa makolo ngati kumenyako kwasiyitsa mnyamata wa zaka 14 kuchita chimene amamenyedwera, kenaka kuwapatsa zilango zina zoti akayese, monga kulanda foni kwa tsiku limodzi kapena kuletsa kutuluka. Ulemu wa mwana kwa akulu sutha chifukwa wapatsidwa mpata wolankhula.

Gulu la makolo si chipatala. Mwana amene wayamba kale volo, kholo limene limanjenjemera likapanda kumwa, kapena mayi amene akumenyedwa, amafunika kutumizidwa kwina, ndipo njira yake ikonzedwe msonkhano woyamba usanachitike: kiliniki ya m'dera, alangizi a DEC kapena a SHARPZ, Chainama, ofesi ya zachisamaliro cha anthu, nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit, ndi nambala yaulere ya ana ya 116. Mu 2022 momwemo msinkhu woimbidwira mlandu unakwezedwa kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12, ndipo lamulo la ana lija limalola kuti mwana wolakwa athandizidwe kunja kwa khoti.

Pa ndalama, kudalira othandiza akunja okha n'koopsa, monga zinaonekera mu 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri mwadzidzidzi. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo lingathandize pa maholo, mabwalo a masewero ndi maphunziro a ntchito zamanja ngati anthu apereka pempho kudzera m'makomiti a m'mawadi. Aphunzitsi ongodzipereka amatopa, choncho kandalama kowathokoza ndi malipiro a wowayang'anira zilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Thandizo la makampani ofulula mowa ndi bwino kulipewa, popeza phindu lawo limadalira kuti anthu azimwa.

Zimene banja silingathe palokha, ndi kuyeza zotsatira

Kholo lingachite zonse bwino, koma ngati kantemba ka pakona kamagulitsa mowa kwa mwana wovala yunifolomu, ntchito yake imachepa mphamvu. Dziko la Iceland linagwirizanitsa mbali zonse ziwiri. Makolo a kalasi imodzi ankasainirana mapangano oti sadzalola mapwando opanda wamkulu ndiponso sadzagulira ana mowa, lamulo linaletsa ana a zaka 13 mpaka 16 kukhala panja usiku kwambiri, ndipo boma linaika ndalama m'masewero ndi zaluso. Ana a zaka 15 ndi 16 amene analedzerapo m'mwezi wapita anatsika kuchoka pa 42 pa 100 mu 1998 kufika pa 5 mu 2016. Iceland ndi dziko lolemera la anthu ochepa kuposa a m'makomboni angapo a Lusaka, koma pangano la makolo silifuna ndalama, ndipo likugwirizana ndi mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo amene amaliza maphunziro limodzi angathenso kupita ngati gulu ku Lusaka City Council, imene imayang'anira ziphaso ndi nthawi zotsegulira mabala, kukadandaula za malo ogulitsa mowa kwa ana.

Poyeza zotsatira, chiwerengero cha anthu ophunzitsidwa sichinena kanthu. Zofunika kulemba ndi mabanja amene anaitanidwa, amene anabwera, amene anamaliza, abambo angati anali m'gulumo, ndi chifukwa chimene osiyawo anasiyira. Kaleredwe kayezedwe maphunziro asanayambe ndi atatha, pofunsa kholo ndi mwana payekhapayekha, chifukwa mayankho awo amasiyana. Kamwedwe ka akuluakulu kangayezedwe ndi AUDIT, mafunso 10 amene WHO inakonza. Ana ayankhe popanda kulemba dzina ndiponso popanda mphunzitsi wawo kuona pepalalo. Kusintha kwa kalankhulidwe pakhomo kumaoneka m'miyezi yochepa, koma kusiyana pa kuyamba mowa kumaoneka patapita zaka ziwiri kapena kuposerapo, anawo akafika msinkhu umene anzawo ambiri amayambira. Popeza mabanja okhala m'nyumba za lendi amasamuka kawirikawiri ndipo manambala a foni amasintha, kaundula wa banja lililonse akhale ndi njira zingapo zolipezera, kuphatikizapo sukulu ya mwana, mpingo wawo ndi wachibale amene sakhala nawo nyumba imodzi.